Asilikali amene ndinawaloweza pamtima osawadziwa

Mwana wanga wamkazi ali mu giredi 7 pa sukulu ina ya boma kuno ku Indiana, m'dziko la America. Chaka chimenechi amaphunzira za Africa ndi Asia pa phunziro limene kwathu tingalitchule kuti History, ngakhale kuno amaliphatikiza ndi zamapu ndi zaboma. Lachitatu lina madzulo, ine ndikumanga nsapato kuti ndizipita ku ntchito ya usiku, anabwera ndi pepala n'kuliyala patebulo pafupi ndi mbale yanga.

"Adadi, mundifunseko mafunso awa. Mawa tili ndi mayeso."

Ndinalitenga. Pamwamba panali chithunzi cha munthu wa ndevu zoyera atavala nduwira. Funso loyamba linali lakuti Guru Nanak anabadwa liti ndipo anabadwira kuti. Lachiwiri linkafunsa dzina la buku lopatulika la Asikhi. Ndinawerenga mpaka pansi, mtima ukundiuza kuti apa pali cholakwika. Ine ndinakulira mu CCAP, bambo anga anali mkulu wa mpingo, ndipo mwana ameneyu tinamubatiza ali wakhanda. Ndinaponya maso kwa mayi ake, iwonso n'kundiyang'ana. "Bambo ake, mwaziona zimenezo?" anatero motsitsa mawu. Tonse tinali ndi funso limodzi. Sukulu imene silola ngakhale Pemphero la Ambuye m'mawa, yapeza bwanji nthawi yophunzitsa mwana wathu zipembedzo za eni?

Ndinamufunsa mafunsowo mwamsangamsanga n'kunyamuka. Koma m'galimoto mawu amodzi anakana kundichoka m'mutu. Sikh. Mawu amenewa ndinali nditawalembapo ndi dzanja langa.

Kunali ku Mangochi, ndili Fomu 2. Mabuku anali ochepa, ndiye aphunzitsi ankalemba manotsi pabolodi ife n'kumakopera. Pa mutu wa kutha kwa malonda a akapolo panali mzere wonena kuti Harry Johnston anabweretsa asilikali a Chisikhi kuchokera ku India kuti amenyane ndi mafumu ogulitsa akapolo. Ndinauloweza mzere umenewo monga momwe tinkalowezera mayina a mitsinje. Ndinaulemba pa mayeso, n'kukhoza. Mukanandiimitsa pakhomo la holo ya mayesoyo n'kundifunsa kuti Asikhi ndi ndani, ndikanakuuzani kuti ndi udindo wa usilikali, monga sajeni kapena kopolo. Palibe anatiuza kuti ndi anthu a chipembedzo chawochawo, a buku lawo, a mbiri yawo. Sindikuwada aphunzitsi aja. Silabasi inkafuna dzina ndi chaka basi, ndipo iwo anatipatsa zimenezo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti nkhaniyo inachitikira pakhomo pathu penipeni. Mu 1891 Johnston atapatsidwa udindo wolamulira dziko lathu la Malawi m'malo mwa Britain, analibe gulu la nkhondo. Kaputeni Cecil Maguire anabwera ndi asilikali pafupifupi 70 ochokera ku India, ambiri mwa iwo Asikhi, enawo Asilamu okwera pa akavalo. Iwowa ndiwo anamanga linga m'mbali mwa Shire limene linatchedwa Fort Johnston, dzina limene boma la Mangochi linakhala nalo mpaka titalandira ufulu. Mu Disembala chaka chomwecho Maguire anaphedwa kunyanja pomenyana ndi anthu a Makanjira. Asikhi ena anabweranso mu 1893, ndipo analipo pamene linga la Mlozi ku Karonga linagwa mu Disembala 1895. Ine ndinkadutsa pa wotchi ya pa Boma tsiku ndi tsiku, ndikuponda pamene anthu amenewa anaponda, osawadziwa.

Kwathu aliyense wochokera ku India timangoti Mmwenye. Wa sitolo ya nsalu ku Limbe, dokotala, wogulitsa matayala, onse Amwenye. Sitifunsa kuti uyu ndi Mhindu, uyu Msilamu, uyu Msikhi. Ku Limbe komweko kuli kachisi wa Asikhi, ndipo ndakhala ndikudutsa m'tauni imeneyo kambirimbiri osalingalira n'komwe kuti muli ndani m'menemo, akupemphera kwa yani. Kenako ndinabwera kuno, kumene anthu amangoti ndine Mwafirika, n'kumandifunsa ngati ndimadziwa munthu wina wa ku Nigeria. Zimandiwawa ndithu. Usiku umenewo ndinazindikira kuti chimene chimandiwawachi ndi chomwecho ndakhala ndikuchitira anzanga kwa zaka zambiri.

Loweruka ndinamupempha mwanayo kuti andibwereke mapepala ake onse a mutu umenewu. Anadabwa, koma anandipatsa, n'kukhala pambali panga kuti azindikonza katchulidwe.

Guru Nanak, amene anayambitsa chipembedzo cha Asikhi, anabadwa mu 1469 m'mudzi wa Talwandi ku Punjab, umene lero umatchedwa Nankana Sahib ndipo uli m'dziko la Pakistan. Anakula pakati pa Ahindu ndi Asilamu. Anaphunzitsa kuti Mulungu ndi mmodzi, alibe chifaniziro, ndipo sasankha munthu chifukwa cha banja limene anabadwira. M'dziko limene kubadwa kunkakuikiratu pa mlingo wako, wansembe pamwamba, wosesa pansi penipeni osati n'kukhudzidwa komwe, mawu amenewa sanali opepuka. Anasiyira otsatira ake zinthu zitatu zoti azigwira: kukumbukira dzina la Mulungu, kudya thukuta lako moona mtima, ndi kugawana ndi ena chimene wapeza. Pambuyo pake panabwera aphunzitsi ena asanu ndi anayi, onse pamodzi khumi. Wachikhumiyo, Guru Gobind Singh, asanamwalire mu 1708 ananena kuti sipadzakhalanso munthu wina pa mpando umenewo, buku lopatulika ndilo likhale mphunzitsi. Bukulo ndi Guru Granth Sahib, la masamba 1,430, ndipo lalembedwa mwa ndakatulo zoimba. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti muli nyimbo za anthu amene sanali Asikhi, monga Sheikh Farid amene anali Msilamu, ndi Ravidas wa m'banja la osoka zikopa, anthu amene ankanyozedwa.

Zonsezi munthu angathe kuziphunzitsa pa phunziro la zipembedzo. Chimene chinandisintha maganizo ndi gawo lotsatira, chifukwa limenelo ndi mbiri yeniyeni, ya mafumu ndi magazi.

Guru wachisanu, Arjan, amene anasonkhanitsa bukulo koyamba mu 1604, anaphedwa mu 1606 mu ulamuliro wa mfumu Jahangir ya ufumu wa Mughal, umene unkalamulira India. Wachisanu ndi chinayi, Tegh Bahadur, anadulidwa mutu ku Delhi mu 1675 mu ulamuliro wa Aurangzeb. Asikhi amamukumbukira monga munthu amene anafera ufulu wa Ahindu a ku Kashmir woti azipembedza mwa njira yawo, chipembedzo chimene sichinali chake. Mwana wake ndiye Gobind Singh uja, amene anali wamng'ono pamene bambo ake ankaphedwa. Mu 1699, ku Anandpur, anakhazikitsa gulu la Khalsa, n'kulamula kuti olowamo azivala zizindikiro zisanu: tsitsi losameta, chipeso chamtengo, chibangili chachitsulo, kabudula wamkati, ndi kalupanga kotchedwa kirpan. Amuna anapatsidwa dzina lakuti Singh, kutanthauza mkango, akazi lakuti Kaur, kuti dzina la banja lisamaululenso kuti uyu ndi wapamwamba, uyu wapansi. Nduwira ija ndi yofundira tsitsi losametalo, komanso ndi yoti Msikhi asabisale pagulu. Aliyense amuone, ndipo wovutika adziwe kothawira.

Ukafika pamenepa zinthu zimayamba kulumikizana zokha. Anthu amene anaphunzira kugwira lupanga chifukwa cha chizunzo anadzakhala ndi ufumu wawo ku Lahore pansi pa Maharaja Ranjit Singh, amene anamwalira mu 1839. Angerezi anamenyana nawo nkhondo ziwiri n'kulanda Punjab mu 1849. Ataona kulimba kwawo pankhondo anayamba kuwalemba usilikali mwaunyinji, n'kumawatumiza kulikonse kumene ufumu wa Britain unkafuna mfuti. Patangopita zaka 42 chilandireni Punjab, ana a anthu ogonjetsedwa aja anali m'mbali mwa Shire akugonjetsa ena. Mzere umodzi uja wa m'kope langa unali ndi mizu yofika mu 1469. Aphunzitsi akachotsa chipembedzo m'nkhani imeneyi, chotsala ndi chimene ndinapatsidwa ine: mawu opanda nkhope.

Ndisaname, nkhaniyi siyokoma mbali zonse. Asilikali amenewa anathandiza kutseka njira za akapolo, inde, ndipo agogo ambiri a m'mphepete mwa nyanja anapulumuka chifukwa cha zimenezo. Koma mfuti zomwezo ndi zimene zinakhazikitsa ulamuliro wa atsamunda, zinatentha midzi ya mafumu okana kugonja, ndipo zinatsegula njira ya msonkho wa nyumba. Munthu wa kwa Makanjira ali ndi ufulu wowakumbukira mosiyana ndi momwe buku la Johnston lingawakumbukirire. Phunziro la mbiri labwino limanyamula zonse ziwiri. N'chifukwa chake ndikuona kuti malo oyenera nkhani imeneyi ndi m'kalasi ya History, momwe anthu opemphera amaoneka monga analili, nthawi zina akudyetsa anjala, nthawi zina atagwira mfuti ya mfumu yachilendo. Akhristufe tili ndi David Livingstone, tilinso ndi ngalawa za akapolo zimene zinkanyamuka zitadalitsidwa. Tili ndi John Chilembwe, mbusa amene anatenga zida mu 1915. Ndani angafotokoze za Chilembwe osatchula Baibulo limene ankawerenga?

Lamulungu lotsatira, titatuluka m'mapemphero a Amalawi, ndinaitchula nkhaniyi tikumwa tiyi. Mkulu wina amene ndimamulemekeza kwambiri anapukusa mutu. "Achimwene, dziko lino linathamangitsa Mulungu m'sukulu, tsopano likulowetsa milungu yachilendo pa khomo lakuseri. Chenjerani ndi mwana wanu." Sanalankhule mwachipongwe. Analankhula ngati kholo, ndipo mantha akewo ndinali nawo inenso masiku anayi m'mbuyomo.

Koma mbiri ya lamulolo ndi yosiyana pang'ono ndi momwe timaisimbira. Mu 1962 Khoti Lalikulu la dziko lino linaletsa pemphero lolembedwa ndi boma m'sukulu za boma. Mu 1963, pa mlandu wa Abington ndi Schempp, linaletsa kuwerenga Baibulo monga mwambo wa mapemphero a sukulu. M'chigamulo chomwecho woweruza Tom Clark analemba kuti maphunziro a munthu sangakhale okwanira ngati sanaphunzire mbiri ya zipembedzo ndi kuziyerekeza, ndiponso kuti Baibulo ndi loyenera kuliphunzira chifukwa cha mbiri ndi luso la kalembedwe kake. Choletsedwa ndi chakuti boma lizipempheretsa ana. Kuwaphunzitsa za chipembedzo sikunaletsedwe. Ndinabwerera ku mapepala a mwana wanga kuti ndione ngati malire amenewa akusungidwa. Paliponse panalembedwa kuti "Asikhi amakhulupirira kuti", "Asilamu amakhulupirira kuti", "Akhristu amakhulupirira kuti". Palibe pamene anauzidwa kuti agwade, atseke maso kapena abwereze pemphero. Tsiku limene mphunzitsi adzamuuze kutero ndidzakhala woyamba kufika pa ofesi ya ahedi, ndipo ndidzapitanso chimodzimodzi ngati mwana wa Msikhi adzakakamizidwe kunena Chikhulupiriro cha Atumwi.

Mkangano umenewu si wachilendo kwa ife. Amene munali ku sekondale kapena munali ndi ana kumeneko mu 2000 mukukumbukira pamene Unduna wa Maphunziro unafuna kuchotsa Bible Knowledge n'kuikapo Religious and Moral Education, phunziro lokhudza Chikhristu, Chisilamu ndi chipembedzo cha makolo. Mipingo inakwiya, ambiri n'kumati ndi njira yolowetsera Chisilamu m'dziko popeza pulezidenti Bakili Muluzi anali Msilamu. Boma linaimitsa phunzirolo, ndipo mapeto ake maphunziro onse awiri analoledwa kuti aziyendera limodzi. Ine panthawiyo ndinali kumbali ya okwiyawo. Ndinkaona ngati akutilanda chathu. Sindinaganizireko za anzanga a m'kalasi ku Mangochi, ana a mashehe, amene kwa zaka zonse analoweza maulendo a Paulo ndi mafanizo a mu Luka, ena n'kumatiposa pa mayeso, koma Lachisanu n'kumapita ku mzikiti monga kale. Kudziwa Baibulo sikunawachotse m'Chisilamu. Nanga n'chifukwa chiyani ndinkaopa kuti chikhulupiriro changa n'chosalimba kuposa chawo?

Ndipo pamudzi tinkadziwa kale chinthu chimene sukulu inkachiopa. Pa ukwati wa mlongo wanga, ukwati wa mu tchalitchi, bambo anga sanalole kuti aliyense aphe mbuzi. Anatuma mwana kukaitana mnansi wathu wa Chisilamu kuti adzazinge, kuti pasapezeke mlendo wobweza mbale. Bambo anga sanasiye kukhala mkulu wa mpingo tsiku limenelo. Ankangodziwa chimene mnansi wawo amadya ndi chimene sadya, nthawi imene amasala, chifukwa chimene maliro ake sagonera. Umenewo tinkautcha ulemu. Kumudzi umaphunzira zimenezi poona, chifukwa anthu ake ndi omwewo kuyambira ubwana. Mwana wanga akukula m'dziko limene m'kalasi imodzi muli ana ochokera m'mayiko khumi, ndipo akaweruka aliyense amakwera basi n'kukadzitsekera kwawo. Ngati sukulu simuuza, adzamva kwa ndani?

Kusadziwaku kuno kwaphetsa anthu. Pa 15 Sepitembala 2001, patangopita masiku anayi ndege zitagwetsa nyumba zija ku New York, Balbir Singh Sodhi anawomberedwa panja pa malo ake ogulitsira mafuta ku Mesa, m'chigawo cha Arizona. Womuphayo anaona nduwira ndi ndevu n'kuganiza kuti wapeza mdani. Pa 5 Ogasiti 2012 munthu wina wodana ndi mitundu ina analowa m'kachisi wa Asikhi ku Oak Creek, Wisconsin, Lamulungu m'mawa, n'kupha anthu asanu ndi mmodzi. Chimene ndimawalemekezera Asikhi ambiri n'chakuti poyankha sananene kuti "mwalakwitsa, ife si Asilamu", ngati kuti kupha Msilamu kukanakhala bwino. Ananena kuti munthu asaphedwe chifukwa cha chimene wavala kumutu, kaya ndi ndani.

Kuno ku Indiana Asikhi ndi ambiri, makamaka cha kumwera kwa Indianapolis. Ambiri amayendetsa mathiraki, ena ali ndi malo ogulitsira mafuta, ena amagwira ntchito m'nyumba zosungira katundu ngati ine. Mu Epulo 2021, pamene mnyamata wina anawombera anthu pamalo a kampani yotumiza katundu ya FedEx mumzindawo, mwa anthu asanu ndi atatu amene anafa, anayi anali Asikhi. Pa shifiti yanga pali bambo wina wachikulire wa nduwira ya buluu amene tagwira naye ntchito zaka zitatu. Moni tinkapatsana, nthawi zina n'kugawana tiyi wa m'fulasiki. Nthawi yonseyo ndinkamuyesa Msilamu, moti mwezi wa Ramadan ndinkapewa kudya pamaso pake. Iye ankaona, koma sananene kanthu.

Asikhi sanafike dzulo m'dziko lino. Kachisi wawo woyamba anamangidwa ku Stockton, California, mu 1912. Dalip Singh Saund, Msikhi, anasankhidwa kupita ku nyumba ya malamulo ya dziko lonse mu 1956, munthu woyamba wochokera ku Asia kufika kumeneko. Padziko lonse alipo oposa 25 miliyoni. Komabe kwa zaka zambiri mabuku a sukulu ankatchula zipembedzo zisanu, Chiyuda, Chikhristu, Chisilamu, Chihindu ndi Chibuda, n'kulekera pomwepo. Kuno chigawo chilichonse chimalemba chokha zimene ana ayenera kuphunzira, ndiye bungwe la Sikh Coalition, limene linayamba mu 2001 chifukwa cha ziwawa zija, lakhala likuyenda chigawo ndi chigawo kupempha kuti dzina lawo lilembedwemo. New Jersey inavomera mu 2009, Texas mu 2010, ndipo zigawo zina zakhala zikutsatira. Pepala limene mwana wanga anayala patebulo lija ndi chipatso cha makolo amene anatopa kuona ana awo akuvulidwa nduwira pabwalo la sukulu. Mzinda wa Modesto ku California unapita patsogolo kuposa pamenepo: mu 2000 unalamula kuti mwana aliyense wa sekondale ya boma kumeneko aziphunzira za zipembedzo za padziko asanamalize.

Sindikunena kuti zonse zikuyenda bwino. Sabata imodzi siyokwanira chipembedzo cha zaka zoposa 500. Nthawi zambiri chimene ana amapatsidwa ndi tebulo la mabokosi: woyambitsa, buku, chizindikiro, chikondwerero. Mwana akhoza kudzaza mabokosi onse n'kutuluka ali ngati ine wa Fomu 2. Mabuku enanso amalakwitsa. Ena analemba kuti Chisikhi ndi msakanizo chabe wa Chihindu ndi Chisilamu, chinthu chimene eni ake amachikana. Mu 2007 akuluakulu a maphunziro ku California analamula kuti chithunzi china cha Guru Nanak chichotsedwe m'buku la giredi 7, Asikhi atadandaula kuti chinkamuonetsa atavala chisoti chachifumu ndi ndevu zodulira, zosiyana ndi momwe iwo amamudziwira. Kulakwitsa kotere kumakonzeka eni ake akafunsidwa. Sikukhala chifukwa chotsekera phunzirolo.

Pamene zinandifika pamtima penipeni ndi pomwe kalasiyo inafika pa Africa. Mwanayo anabwera ndi pepala lina. Chikhristu cha ku Ethiopia chinalipo, Chisilamu cha ku Mali ndi ulendo wa Mansa Musa wa ku Mecca zinalipo. Koma chipembedzo cha makolo athu chinapatsidwa ndime imodzi, yonena kuti Aafirika ankakhulupirira mizimu ya m'mitengo ndi m'miyala. Kontinenti yonse, ndime imodzi. Ndinakhala chete kwa kanthawi. Ndinaganiza za Chauta, Namalenga, Mphambe, Chisumphi, mayina amene makolo athu ankamutchulira Mulungu mmodzi amishonale asanafike, mayina amene omasulira Baibulo anawapeza ali kale pakamwa pa anthu. Ndinaganiza za Makewana ku Msinja, za kachisi wa M'bona ku Khulubvi ku Nsanje, za Gule Wamkulu amene UNESCO inamuzindikira mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse. Ine ndine Mkhristu, sindinalowe kudambwe. Koma kuona agogo anga atapanikizidwa m'ndime imodzi yolakwika kunandipweteka, ndipo ndinamva m'thupi mwanga chimene kholo la Chisikhi linkamva potsegula buku la mwana wake n'kupeza kuti mulibe, kapena alimo mopotoka. Sindingapemphe kuti a kwathu afotokozedwe molondola kwinaku ndikukana kuti a mnzanga atchulidwe n'komwe.

Ndinalembera mphunzitsiyo kalata yaulemu. Anandiyankha tsiku lomwelo, n'kuvomera kuti pepalalo linali lopereŵera, ndipo anapempha ngati mwanayo angakonze kankhani ka mphindi zisanu kokafotokoza m'kalasi.

Usiku wina pa nthawi yopuma ndinalimba mtima n'kukhala pafupi ndi bambo wa nduwira ya buluu uja. Ndinamuuza kuti mwana wanga waphunzira za Guru Nanak, ndiponso kuti kwa zaka zitatu ndinkamuyesa Msilamu. Anaseka pang'ono, n'kunena kuti anazindikira kalekale, koma sanafune kundichititsa manyazi popeza ndinkachita zimenezo mwaulemu. Nditamuuza za Fort Johnston ndi asilikali aja anaika kapu pansi. Ankadziwa za Asikhi a ku Kenya ndi Uganda amene anamanga njanji, koma za Malawi anali asanamvepo. Anandifunsa kuti nyanjayo ndi yaikulu bwanji, ngati kumatentha ngati ku Punjab, ngati manda awo alipo. Kenako anati tibwere ku kachisi wawo Lamulungu lina tikatuluka ku tchalitchi kwathu.

Tinapita tonse atatu. Mayi ake anavomera monyinyirika, atandiuza momveka kuti iwo sakagwadira chilichonse. Pakhomo tinavula nsapato, n'kusamba m'manja. Ine anandipatsa kansalu kofunda kumutu, amayiwo anali atamanga kale duku lawo. M'chipinda chopemphereramo tinakhala kumbuyo, pansi, amuna mbali ina akazi mbali ina monga momwe timakhalira m'matchalitchi a kumudzi. Eni ake ankapita kutsogolo kukawerama pamaso pa buku lawo. Ife sitinapite, ndipo palibe anatiyang'ana moipa. Kunali kuimba kwa ng'oma ziwiri zing'onozing'ono ndi kalimba kopopa ndi dzanja.

Kenako anatitsogolera ku chakudya chimene amachitcha langar. Mwambo umenewu unayamba ndi Guru Nanak mwini ku Kartarpur, ndipo kachisi aliyense wa Asikhi padziko amausunga. Ku Amritsar, ku kachisi wawo wamkulu wokutidwa ndi golide, amadyetsa anthu zikwizikwi tsiku lililonse osalipiritsa. Aliyense amakhala pansi pamzere umodzi. Chakudya chake n'chopanda nyama kuti wa chipembedzo chilichonse adye: mphodza, mpunga, chapati, ndiwo zamasamba. Amene anatigawira chapati tinauzidwa pambuyo pake kuti ndi dokotala. Pafupi ndi ine panakhala mnyamata woyendetsa thiraki amene anali atangofika kuchokera ku Texas. Ndinakumbukira maliro a kwathu, momwe mafumu, abusa ndi olemera amalowetsedwa m'nyumba kukadya nkhuku, ena onse n'kumadyera panja nyemba. Sitiona cholakwika, timati ndi ulemu. Anthu awa anaganiza zaka 500 zapitazo kuti ulemu ndi kukhala pamphasa imodzi. Sindikunena kuti iwo alibe tsankho pakati pawo, mnzangayo anandiuza yekha kuti nkhani ya mabanja apamwamba ndi apansi ikadalipo, makamaka pa maukwati. Koma pa ola limenelo, pansi pamenepo, chiphunzitsocho chinkaoneka ndi maso.

Mayi ake anadya, n'kupempha chapati china. Potuluka anapita kukhitchini kukafunsa amayi a kumeneko momwe amakandira ufa wake kuti chifewe chotero, ndipo tinawadikira m'galimoto pafupifupi theka la ola.

Kankhani ka mphindi zisanu kaja mwanayo anakakonza yekha. Anajambula mapu a Nyanja ya Malawi, n'kuika kadontho pa Mangochi ndi kena pa Karonga, n'kukoka mzere wautali kuchokera ku Punjab. Theka lina la pepalalo analisungira Chauta ndi mvula, ndipo pa zimenezo anati ine sindikukwanira. Loweruka m'mawa, kwathu dzuwa litapendeka, tinaimbira agogo ake pa WhatsApp. Amayi anga anakhala pakhonde, foni ataigwira pafupi kwambiri ndi nkhope moti tinkangoona chipumi chawo. Mwanayo, ndi Chichewa chake chopunduka, anafunsa kuti, "Agogo, kale mvula ikakana kugwa, anthu ankatani?" Amayi anaseka, n'kuitana mlamu wawo wa nyumba yoyandikana kuti adzathandizane kukumbukira nyimbo yake. Anayamba kuimba awiriwo, mwanayo akulemba, n'kumawaimitsa pa mzere uliwonse kuti abwereze.